Duku Lofiira pa Siteji ya Namadzi

Achimwene anga aakulu anabwerako ku Limbe ndi chikwama chimodzi, chifuwa chosamva mankhwala, ndi kabokosi ka machoko amitundumitundu. Ku Limbeko anakhalako zaka zambiri akulemba zikwangwani za masitolo ndi mabutchala, mpaka fungo la penti linawadya m'chifuwa. Ku chipatala cha mishoni anawauza kuti ngati akufuna moyo asiyane ndi penti. Ndiye anabwerera kumudzi kwa amayi, kufupi ndi Namadzi, kumene ine ndinkakhala ndi ana anga awiri. Amuna anga anali ku Joni. Anapita mwana wachiwiri akukwawa, ndipo nthawi imene ndikukambayi mwanayo anali atayamba sukulu.

Machokowo sanali a kusukulu ayi. Anali ofewa, onenepa ngati chala, ukangowagwira amatsalira m'manja. Anawapatsa ndi bambo mfumu ena okalamba ochokera ku Ulaya, amene achimwene anawalemberapo chikwangwani cha tchalitchi. Bambo mfumuwo anawaonetsanso buku la zithunzi za anthu akale a kwawoko, amene ankajambula moyo wa m'matauni mwawo: amayi osita zovala, anthu odikirira ulendo, mvula ikugwa pa msewu. Achimwene ankalikamba bukulo ngati munthu wokamba za chibwenzi chake choyamba. Ankati anthu amenewo sankataya nthawi ndi mphuno kapena maso, ankajambula kuwala.

Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa siteji ya minibasi, ndipo nthawi imeneyo ndinkagulitsa pomwepo. Achimwene anayamba kunditsatira m'mawa. Ankakhala pa khonde la golosale kumbuyo kwanga, katoni yophwasula ili pa maondo, n'kumakwechakwecha. Anyamata oitanira minibasi ankabwera kudzasuzumira n'kumaseka.

"Madala, nkhope zili kuti? Anthu anuwa akukhala ngati mizukwa bwanji?"

"Iwe ukamathamangira pasenjala umaona nkhope ya ndani?" ankayankha osadzutsa mutu. "Umaona chikwama ndi mtundu wa malaya basi."

Chithunzi chimene chinandipasulira banja anachiyamba masana ena mvula itangodula, nachimaliza patapita masiku. Chinali chachikulu ngati chitseko cha kabati. Tala wa msewu wa ku Zomba ankanyezimira, atamupaka buluu ndi chikasu malo amodzi. Minibasi yoyera inali itatsegula chitseko, anthu akupanikizana pakhomo pake. Utsi wa pa chiwaya cha tchipisi unkakwawa pansi monga umachitira kukanyowa. Milu yathu ya tomato inali timadontho tofiira chabe, nzimbe zinali mizere yoponya mwachangu. Ukaima pafupi sunkaona kanthu koma fumbi la choko lopakana. Ukabwerera m'mbuyo pang'ono, Namadzi yense ankadzuka, mpaka kumva ngati wina akukuitanira ya ku Limbe m'khutu. Chakumapeto, ku dzanja lamanja, kunali mwamuna wamtali ndi mkazi ataima pansi pa ambulera imodzi yakuda. Mkaziyo anali atavala duku lofiira. Nkhope analibe, monga enawo onse.

Ndinachikonda chithunzicho. Ndinene zimenezi poyera, chifukwa pambuyo pake anthu ankati ndinkachiopa. Malo amene ndinkawatukwana tsiku ndi tsiku chifukwa cha matope ndi phokoso ndinawaona ali okongola, ndipo ndinanyadira kuti wochita zimenezi ndi wobadwa naye mimba imodzi.

Mwini tiyirumu ya pa sitejipo anachipempha kuti achipachike pa khoma. Achimwene anavomera, nachikuta ndi pulasitiki yoonekera mkati, chifukwa choko chotere sichiuma ngati penti, ukachikhudza chimachoka. Masabata oyambawo kunali chisangalalo. Wa tchipisi ankabwera ndi anzake kudzawalozera utsi wake. Amayi awiri ogulitsa nthochi anakangana mpaka kulalatirana, aliyense akuti wa beseni pamutuyo ndine. Palibe amene anandilozera wa duku lofiirayo, ndipo ine sindinadzionepo mwa iye. Malo anga ndinkawadziwa, anali pa timadontho ta tomato paja.

Kenaka tsiku lina la msika kunabwera alamu anga, achemwali awo a amuna anga, kuchokera kwawo ku Ndunde. Chiyambire sanandikondepo. Ankafuna kuti mchimwene wawo akwatire mnzawo wa m'mudzi mwawo, ndipo sanandikhululukire kuti ndinamutengera ku Namadzi. Tsikulo anandipatsa moni wabwinobwino, nafunsa za ana, nalowa m'tiyirumu kukamwa tiyi. Potuluka sanatsanzike. Ndinangowaona akukwera kabaza, foni ili m'manja.

Duku lofiira ndinali nalo. Ananditumizira ndi amuna angawo kudzera kwa munthu wina wobwera kumudzi, ndipo ndinkalivala Lamulungu ndi masiku ena a msika. Panalinso dalaivala wina wa minibasi za pakati pa Zomba ndi Limbe, wamtali, wanthabwala, amene ankagula tomato kwa ine akamaweruka. Ankaseka ndi aliyense, ngakhale agogo ogulitsa fodya wa mphuno. Zinthu ziwiri zimenezi alamu anazimanga pamodzi ngati nkhuni, nazitumiza ku Joni.

M'mawa mwake, ndikuunjika tomato pa benchi, foni inaitana.

"Ndaona," anatero amuna anga, opanda ndi moni womwe.

"Mwaona chiyani, bambo?"

"Usandipusitse iwe. Ine ndikufa ndi chisanu kuno, iwe ukufunda maambulera ndi madalaivala. Mpaka achimwene ako kukujambulani, kukupachikani pa khoma kuti dziko lonse lidziwe kuti ndine chitsiru."

Ndinaseka. Mulungu ndi mboni, ndinaseka, chifukwa ndinkayesa nthabwala.

"Bambo, anthu a pa chithunzi chija alibe ndi nkhope zomwe."

"Duku lija ndinagula ndine. Ndikulidziwa."

"Nanga ku Joniko anasoka limodzi lokha? Bwerani mudzaime pa siteji pano Lamulungu muone mitu ya amayi."

Anadula foni. Ndinaimba, osayankha. Ndinaimbanso masana, yazima.

Nkhani pa Namadzi imathamanga kuposa minibasi. Pofika kumapeto kwa sabata, anthu omwe aja ankadzifunafuna pa chithunzi anali atasiya kudzifuna, onse akufuna ine. Tiyirumu inkadzaza. Anthu osamwa tiyi anayamba kumwa tiyi. Ankatuluka akupukuta pakamwa, n'kudutsa pa benchi panga pang'onopang'ono, akundiyeza msinkhu ndi maso ngati telala. Ndinapita kwa mwini tiyirumuyo kukamupempha kuti achitsitse. Anandiuza, akumwetulira, kuti chithunzi si changa ndipo khoma si langa.

Amayi a pampando a kumphakati kwathu anabwera kunyumba ndi mawu otsekemera ngati nzimbe. Anati ndiyambe ndapuma kaye ku kwaya kufikira nkhani itazizira.

"Mwandiona ndi ndani, amayi?" ndinafunsa.

"Ife sitinaone kanthu, mwana wanga. Koma anthu akulankhula, ndipo mpingo uli ndi makutu."

"Maso ulibe?"

Anandisisita pa phewa ngati namfedwa, nanyamuka. Ndinaimba m'kwaya imeneyo kuyambira ndili mtsikana, maliro ndi maukwati omwe, dzuwa ndi mvula, ndipo anandichotsa chifukwa cha munthu wa choko.

Madzulo ake ndinapeza achimwene kuseri kwa nyumba ya amayi akusanja machoko awo pa mphasa. Ine ndinali ndi lichero la nandolo m'manja.

"Achimwene, mkazi wa pa ambulera uja ndi ndani?"

"Sindikumudziwa, achemwali."

"Simukumudziwa bwanji, pomwe munamujambula ndinu?"

"Anatsika minibasi ya ku Zomba mvula ikuwaza. Bambo wina amene anaima pamenepo anamufunditsa ambulera. Itabwera minibasi ina, mayiyo anakwera, bamboyo anatsala. Basi. Kaya ndi a kuti anthu amenewo."

"Nanga dukulo?"

Anatembenuzatembenuza choko chimodzi ndi zala.

"Duku lake linali lotuwa," anatero.

"Lotuwa?"

"Mbali imeneyo inali yakufa. Ambulera yakuda, matope, mthunzi. Panafunika chofiira kuti chiyankhane ndi tomato wa mbali inayo."

Ndinaloza kabokosi ka machoko kaja.

"M'bokosi mwanumo muli mitundu yonse ya pansi pano, inu n'kusankha mtundu wa pamutu pa mlongo wanu? Pitani mawa mukachitsitse. Mukafufute dukulo, mukaike lobiriwira, lachikasu, kaya mumumete mpala mkaziyo, ine sindikusamala."

"Ndikasintha lero, mawa anena kuti tikubisa. Alamu anu ali nacho kale m'foni."

Zimenezo zinali zoona, ndipo akanalekera pomwepo ndikanawamvetsa. Koma anawonjezera, motsitsa mawu, ngati akudziuza okha:

"Komanso chobiriwira pamenepo chingaononge chithunzi."

Lichero lija linachoka m'manja mwanga lokha. Nandolo anamwazika pa mphasa, pa machoko, pa miyendo yawo.

"Nyumba yanga ikupsa, inu mukuyamikira mtundu wa malawi!"

Amayi anatuluka akuthamanga. Nkhuku zinafika msanga kuposa iwo. Achimwene ankangotola machoko awo m'kati mwa nandolo n'kumawauzira.

Ankhoswe anakumana Loweruka lina m'mawa pa khonde la amayi. Mbali yanga kunali amalume, munthu wofatsa amene moyo wake wonse wakhala akuthawa phokoso. Mbali ya amuna anga kunabwera amalume awo, okalamba, a maso ofooka, pamodzi ndi alamu aja. Anazondotsa mtondo pakati pa bwalo n'kuikapo foni ya alamu, ataikweza mawu kuti amuna anga azimva ali ku Joni komweko. Chithunzi anachitenga pa kabaza kuchokera ku tiyirumu, nachitsamiritsa pa mpando ngati woimbidwa mlandu mnzanga. Kuseri kwa mpanda kunali mitu ya anthu amene sanaitanidwe.

Amalume awo a amuna anga anadzuka ndi ndodo yawo, naweramira chithunzicho mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda pulasitiki.

"Ine sindikuona munthu apa," anatero. "Ndikuona ngati mwana waseweretsa phulusa."

"Bwererani m'mbuyo, amalume," anatero alamu, akuwakoka malaya. "Bwererani. Apo. Yang'anani tsopano."

Nkhalambayo inatsinzina diso limodzi.

"Eee. Tsopano ndikuona. Kaimidweko ndi kake ndithu."

Munthu amene sanandizindikire pamene ndinkawapatsa madzi osamba m'manja mphindi zingapo m'mbuyomo, mpaka kufunsa kuti mwanayu ndi wa kwa yani, anazindikira kaimidwe kanga pa katoni.

Anaitana achimwene. Achimwenewo anafotokoza zomwe zija anandiuza, za mayi wa ku Zomba, za ambulera, za duku lotuwa. Analankhula modekha, akutsokomola pakatipakati. Anayesa ngakhale kufotokoza za chofiira choyankhana ndi chofiira chinzake. Kuseri kwa mpanda kunamveka kuseka.

"Ndiye mukuvomera kuti mumajambula bodza?" inafunsa nkhalamba ija.

"Si bodza, bambo. Ndi mmene malowo anandionekera."

"Duku linali lotuwa, inu mwapaka lofiira. Kwathu kumeneko timati bodza. Tsono munthu wonama pa duku angalephere kunama pa dzina la mwini duku?"

Alamu anaomba m'manja kamodzi. Pa mtondo paja panamveka mawu a amuna anga: "Mufunseni bwino ameneyo, amalume. Akubisa mlongo wake."

Amalume anga anandiyandikira, nandinong'oneza: "Mwana wanga, ungopepesa. Mkazi amapepesa ngakhale sanalakwe, kuti banja likhale."

"Ndipepese chiyani, amalume? Ndinene kuti pepani chifukwa ndili ndi mutu wovalapo duku?"

Ndisanamalize, alamu anali atadzuka.

"Nkhope ilipo pansi apa," anatero. "Anaijambula kaye, kenaka n'kuikwirira dala. Ine ndiivundukula."

Anang'amba pulasitiki ija ndi zikhadabo. Ananyambita chala, nachiika pa mutu wa mkazi uja, nayamba kutikita.

Achimwene anatulutsa mawu amene sindinawamvepo pakamwa pa munthu wamkulu, ngati mbuzi yogwidwa pakhosi. Anadzuka kuti akawagwire dzanja, koma chifuwa chinawagwira iwo poyamba, napinda msana akutsokomola. Alamu sanacheuke. Chala chitachepa, anatenga nsonga ya chitenje, nailavulira, napukuta mwamphamvu ngati akutsuka poto. Chofiira chinalowa m'chakuda cha ambulera, chakuda chinatsikira pa tala wonyezimira uja, mkono wawo unakhudza minibasi n'kuisandutsa matope. Ndinaona masiku onse aja a pa khonde la golosale akutha pansi pa chitenje chonyowa ndi malovu. Atasiya, pamene panali mkazi panatsala banga la katoni yofiirira, yonyowa, yoyamba kusupuka.

Alamu anayang'ana bangalo, nayang'ana chala chawo.

"Aifufutiratu," anatero. "Anadziwa kuti tibwera."

Apa mpamene ndinaiwala mwambo wonse umene anandiphunzitsa. Ndinaimirira pamaso pa akuluakulu, osagwada, osatsitsa mawu.

"Zaka zonsezi ndalima ndekha! Denga la nyumba ija litasasuka ndinafolera ndekha! Apongozi anga atagonekedwa ku chipatala cha mishoni, anagona pansi pa bedi lawo ndani? Anawasambitsa ndani? Inu alamu munkabwera manja ali lende, n'kukhala pa benchi panja chifukwa fungo la m'wodi limakunyansani. Lero mwayenda ulendo wonse kuchokera ku Ndunde kudzafuna nkhope yanga m'fumbi la choko? Dalaivala mukumunenayo ali moyo, akudutsa pa msewu apo tsiku lililonse. Bwanji simunamuitane? Ndikuuzeni chifukwa chake. Munthu amayankha, katoni siyankha!"

"Khala pansi, mwana wanga," amalume anga ankandikoka chitenje. "Khala pansi."

"Sindikhala! Inunso amalume, nkhoswe yanga ndinu kapena yawo?"

Foni ija inalankhula.

"Mwaumva mwano wakewo? Mwadzimvera nokha. Ine mkazi ameneyu ndamusiya. Banja latha, amalume, musavutikenso."

Bwalo lonse linati zii. Ndipo m'kachetechete momwemo, kuchokera pa mtondo paja, kunamveka khanda likulira. Silinali kutali ayi, linali pafupi ndi foniyo ngati lili pa miyendo ya munthu. Kenaka mawu a mkazi, m'chilankhulo cha kumeneko, akulitonthoza, n'kunenanso kanthu kwa amuna anga mofewa, mwa munthu wozolowerana naye.

Tonse tinamva. Amalume anga anamva, nkhalamba ya maso ofooka ija inamva chifukwa makutu ake anali abwinobwino, amayi anamva, mitu ya kuseri kwa mpanda inamva. Ndinapita pa mtondopo, ndi kuwerama.

"Bambo, akulirayo ndi mwana wa yani?"

Foni inaduka.

"Ndi netiweki," anatero alamu, akuitola msangamsanga n'kuibisa m'chitenje. "Amakhala anthu ambiri nyumba imodzi kumeneko."

Nkhalamba ija inayamba kuyang'ana nyerere pansi. Ndinatembenukira kwa amalume anga kudikira kuti alankhule, kuti afunse funso limodzi lokha m'malo mwanga, poti ndiyo ntchito imene anabwerera. Anakonza kukhosi.

"Tiyeni titseke ndi pemphero," anatero.

Sindinatsinzine. Ndinawayang'ana onse mmodzimmodzi akupemphera, chala cha alamu chikadali chofiira pa chifuwa pawo.

Patapita miyezi, mnyamata wina wa m'mudzi mwathu atabwerako ku Joni, anatsimikiza zimene ndinali nditadziwa kale. Mkazi analipo, mwana analipo, ndipo kwawo ku Ndunde ankadziwa kuyambira mimba ili yaing'ono. Anati alamu anali ndi chithunzi cha khandalo m'foni yomwe ija, chithunzi chenicheni, cha nkhope yonse, mphuno ya kwawo ili poyera. Chimenecho sanabwere nacho pa bwalo. A kwawowo ankangosowa khomo lotulukira m'banjamo lopanda manyazi, ndipo anakalipeza pa khoma la tiyirumu.

Palibe amene anapepesa. Amayi a pampando aja anabweranso, ndi mawu otsekemera omwe aja, kudzati kwaya ikusowa mawu anga. Ndinawauza kuti mawu anga akupumabe. Ku tchalitchi ndimapita, ndimakhala kumbuyo, nyimbo ndimaimbira pa mpando. Dalaivala uja anayamba kugula tomato kutsidya kwa msewu. Nkhani yonseyo ankaidziwa, dzina lake linali m'kamwa mwa aliyense, koma sanatsegule pakamwa ngakhale tsiku limodzi kunena kuti mayi uyu sindinaimepo naye pa ambulera. Munthu wanthabwala zosatha uja mawu anamuthera pamene ankafunika.

Achimwene nawo zinawavuta. Amayi a pa msika akangowaona ndi katoni ankadziphimba kumutu ndi zitenje. Wina anawathira madzi otsukira nsomba, akuti asamupasulire banja. Mwini golosale anawauza mwaulemu kuti khonde lake likufunika kuikapo makireti. Chithunzi chija anayesa kuchikonza, koma choko chinkakana kugwira pamene panasupukapo, ndiye anachitembenuzira ku khoma m'chipinda mwawo. Tinkadya pakhomo pamodzi osayang'anana. Tsiku lina ndikutsuka mbale anaima kumbuyo kwanga, nati, "Pepani, achemwali." Ndinapitiriza kutsuka. Ndinkadziwa kuti sanandipasulire banja ndi iwo, kuti banjalo linali litapasuka kale ine ndisakudziwa. Koma mawu aja a chobiriwira choononga chithunzi anali akadali pakhosi panga ngati munga wa nsomba, ndipo mpaka lero sanatsikiretu.

Mvula itatha analongedza chikwama chawo.

"Mukupita kuti?"

"Ku Limbe. Pali sitolo ina ikufuna chikwangwani."

"Mukubwerera ku penti? Mukupita kukafa inu!"

"Nanga kuno ndizitani? Ndizijambula mbuzi za amayi?" Anaika kabokosi ka machoko pamwamba pa zovala, natseka zipi. "Ku Limbe ndikhoza kukhala pa depoti tsiku lonse. Kumeneko munthu wopanda nkhope ndi munthu wopanda nkhope basi. Alibe alamu."

Ndinatsala pang'ono kuseka, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa. Ndinawanyamulira chikwama mpaka pa siteji, ndi kuwakalipira njira yonse kuti azimanga nsalu kumphuno akamasakaniza penti. Ali komweko mpaka pano. Akutsokomolabe, akujambulabe. Akabwera pa Khirisimasi samabwera ndi katoni.

Chaka chatha, masana ena a msika, ndinadzutsa mutu n'kupeza alamu aja ataima pa benchi panga. Anali ataonda pang'ono. Anamwetulira ngati tinasiyana dzulo.

"Alamu, mwatitaya chonchi? Ana ali bwanji?"

"Ali bwino."

Anatambasula jumbo, nayamba kusankha tomato, akumufinyafinya mmodzimmodzi.

"Bambo a anawa zinthu sizili bwino kuja. Ntchito inatha, mkazi uja anathawa ndi katundu yense. Akufuna kubwerera kumudzi. Akuti ana awo akuwasowa. Ndiye tinati tiyambe tamva kwa inu, poti zakale zinapita."

"Zinapita kuti?"

"Aaa, alamu, musatero. Tonse ndife anthu."

"Mwayambira pakati," ndinatero. "Pali mawu amene munayenera kuyamba nawo musanagwire tomato wanga."

Anandiyang'ana modabwa, ndipo kudabwako kunali kwenikweni.

"Mukufuna ndipepese? Ndipepese chiyani? Inunso mukudziwa kuti mkazi uja ankaoneka ngati inu ndithu."

Ndinawalanda jumbo ija mwakachetechete. Ndinatulutsa tomato mmodzimmodzi n'kumubwezera pa mulu, ndi kuwabwezera jumbo yawo yopanda kanthu. Anaima pamenepo kanthawi, pakamwa pali yasa. Kumbuyo kwawo kunali mayi wina wobereka mwana, akudikira ndi kabeseni.

"Sunthani pang'ono," ndinawauza alamuwo. "Mukutchinga kasitomala."